Mtengo wa ndolo za chitenje ndi mtengo wa nthawi yanu

Ambiri a inu muli ndi tsiku limodzi lokha lopuma pa sabata, ndipo tsikulo limakhala litagawidwa kale: kuchapa, mapemphero, kutumiza ndalama kumudzi, kuimbira foni ana. Choncho sindizungulira, pakuti nkhani imene ndabwera nayo ndi ya nthawi yomweyo imene imakuchepelaniyo.

Amene munayendapo pa Greenmarket Square ku Cape Town, pa msika wa Lamulungu ku Rosebank mu Johannesburg, ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka kapena ku FEIMA mu Maputo, munaonapo ndolo, mikanda ndi zibangili zopangidwa ndi nsalu. Zambiri mwa zimenezi zimachokera ku tizidutswa timene telala akanasesa n'kukataya kudzala. Pakati pa amene amazipanga pali anzathu ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu, amene amasoka usiku akaweruka kapena m'miyezi imene ntchito ya kumunda yadukiza. Ena mwa inu munayamba kale, ena mukulingalira zoyamba. Ine ntchito yanga ndi kufufuza za moyo wa anthu apantchito, ndiye funso limene ndikufuna tiliyankhe pamodzi ndi ili: kodi malonda amenewa akukulipirani, kapena inu ndi amene mukuwalipira?

Tiyambe ndi zimene zimakopa anthu ku malondawa, chifukwa ndi zomveka. Mpamba wake ndi wochepa. Singano, ulusi, sizasi, guluu ndi kapulayala zimakwana m'kachitini ka mabisiketi. Safuna makina, sachita phokoso, ndipo munthu wokhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya abwana angathe kugwira ntchitoyi atakhala pabedi. Katundu wake ndi wopepuka, mumakwera naye minibasi popanda kulipirira mpando wachiwiri, ndiponso saola ngati tomato. Nsalu nayo siisowa. Mu 2017 bungwe la Ellen MacArthur Foundation linapeza kuti pa nsalu zonse zopangira zovala padziko lapansi, zimene zimabwezeretsedwa n'kukhalanso zovala zatsopano sizikwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100. Ife sitidabwa nazo, pakuti milu ya kaunjika ndi salaula timaiona ndi maso athu. Kwa telala aliyense kuli thumba la zidutswa za chitenje, za capulana, kapena za shweshwe, nsalu ija ya fakitale ya Da Gama ku Zwelitsha m'chigawo cha Eastern Cape.

Pa za umisiri, amene munayamba kale mukudziwa zambiri kuposa ine, koma pali zinthu zingapo zimene zimasiyanitsa katundu wobweza kasitomala ndi katundu womuthamangitsa. Nsalu iliyonse muyambe mwaichapa ndi kuisita. Shweshwe yatsopano imakhala youma gwa chifukwa cha sitachi, ndipo imafewa ikachapidwa. Zitenje zina zotsika mtengo zimatulutsa mtundu. Tengani kansalu koyera konyowa, mupukute pa chitenjecho, ndipo kakasintha maonekedwe dziwani kuti mkandawo udzaononga bulauzi ya munthu tsiku la thukuta. Nsalu yokulungira chibangili kapena chingwe cha m'khosi muidule mopingasa, osatsata mzere wa ulusi, kuti izipinda bwino popanda makwinya ndiponso isamasosoke m'mbali. Malaya akale a nsalu yotamuka, mukawadula timizere n'kutikoka, timadzipinda tokha n'kusanduka zingwe zoluka. Kansalu kodulidwa kosongoka mbali imodzi, kopakidwa guluu woyera wa matabwa n'kukulungidwa pa kamtengo, kakauma kamakhala mkanda wolimba. Batani lakale lokutidwa ndi chitenje ndi ndolo yatha kale.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa tizitsulo tolowa m'khutu. Totsika mtengo kwambiri timakhala ndi nickel, chitsulo chimene chimayabwitsa ndi kutupitsa makutu a anthu ambiri. Gulani tachitsulo chosachita dzimbiri, ngakhale tili todula pang'ono. Munthu amene khutu lamutupa sabweranso, ndipo amauza anzake.

Tsopano tifike pa mtima pa nkhani. Ndikafunsa munthu wopanga ndolo kuti anazipangira ndalama zingati, kawirikawiri amandiwerengera tizitsulo ndi guluu, kenaka n'kunena kuti nsaluyo anangopatsidwa. Zoona, nsalu ndi yotola. Nanga maola amene munakhala mukudula, kukulunga ndi kusoka, anakupatsani ndani? Ola lanu lili ndi mtengo, ndipo mtengowo anthu anaumenyera nkhondo. Chakumapeto kwa 2012 ogwira ntchito m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito pamene malipiro ochepetsetsa anali R69 pa tsiku, ndipo mu Malichi 2013 boma linawakweza kufika pa R105. Pamene lamulo la malipiro ochepetsetsa a dziko lonse la South Africa linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, ola linali R20, koma a m'mafamu anawaikira R18 ndipo a m'nyumba R15. A m'mafamu anafanana ndi anzawo mu 2021, a m'nyumba mu 2022. Mu Malichi 2025 ola linafika pa R28.79, ndipo chaka chilichonse mtengowu umaunikidwanso. Ngati lamulo likuletsa abwana anu kugula ola lanu pa mtengo wochepera apo, n'chifukwa chiyani inu eni ake mulipereke ulele kwa mlendo wodzaona malo? Amene mukugwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe, Botswana kapena Mozambique, tengani malipiro a ola limodzi a kumene muliko, masamu ake ndi omwewa.

Tiyeni tiyerekeze. Manambala a lendi ndi thiransipoti ndikutchulawa ndi achitsanzo chabe. Inu mukaikepo anu enieni. Tinene kuti ndolo ziwiri za munthu mmodzi zimadya R10 ya tizitsulo, guluu, ulusi ndi kapepala kozikolekapo, ndipo zimakutengerani theka la ola. Mwapanga mapeyala 20, ndiye kuti mwaononga R200 ndi maola 10. Loweruka mwapita kumsika: malo mwalipira R250, minibasi R70, ndipo mwaima pa tebulo maola 8. Tsiku lakuyenderani bwino, zonse zatha pa R50 peyala imodzi. Mukubwerera kunyumba ndi R1,000 m'kachikwama, mtima uli m'malo. Koma chotsanipo R200 ya zipangizo ndi R320 ya malo ndi ulendo. Yatsala R480, ndipo mwaigwirira maola 18. Pa ola limodzi mwalandira ndalama yosakwana R27, kutanthauza kuti pa tsiku labwino kwambiri mwadzilipira mochepera malipiro ochepetsetsa a boma.

Nanga tsiku la mvula, pamene mwagulitsa mapeyala 10 okha? Mwatola R500. Zipangizo za amene agulidwawo ndi R100, malo ndi ulendo ndi R320 yomwe ija. Yatsala R80 pa maola 13, pafupifupi R6 pa ola. Ndipo ngati msikawo unali wa Lamulungu, kumbukirani kuti wantchito amene sagwira Lamulungu nthawi zonse, akauzidwa kugwira tsikulo lamulo limati alipidwe kawiri. Tsiku limene mwakagulitsa ola lanu pa R6 ndi lomwelo limene abwana akanayenera kuligula pa ndalama yoposa R57.

Sindikunena izi kuti mugwe mphwayi. Masamu omwewa akusonyeza pokonza. Pa chitsanzo chathuchi, ndolo zija zikagulitsidwa pa R80, tsiku la mvula lomwe lija ola lanu limakwana mlingo wa 2025 uja. Ambiri amaopa kukweza mtengo poganiza kuti anthu athawa, koma ogula pa misika ya zaluso sabwera kudzafuna zotchipa ngati pa msika wa masamba; amafuna chinthu chimene sangachipeze m'sitolo. Chachiwiri, lendi ya malo ndi imene ikudya kwambiri, choncho anthu awiri kapena atatu akagawana tebulo limodzi n'kumasinthana masabata, aliyense amalipira pang'ono ndipo amapezako tsiku lopuma. Funsani kaye oyendetsa msika ngati amalola zimenezi. Chachitatu, musamapange ndolo imodziimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: lero dulani zonse, mawa kulungani zonse, mkuja ikani tizitsulo, ndipo mudzaona theka la ola lija likuchepa. Chachinayi, patebulo pakhale tazinthu tating'ono togulidwa msanga ndiponso mikanda ingapo yaikulu ya mtengo wokwera. Ndipo musanachoke kunyumba, dziwani mtengo umene simungatsikirepo. Wonenerera akafika pamenepo, mumwetulireni n'kumuuza mwaulemu kuti apa ndiye pothera.

Zonsezi sizitheka popanda kope. Gulani kope la ana asukulu, muzilemba chilichonse: tsiku, zimene mwagula, maola amene mwasoka, zimene mwagulitsa. Ndalama ya malonda isasakanikirane ndi ya ndiwo. Mpamba muufune ku chipereganyu kapena ku stokvel ya anthu odziwana, osati kwa akatapila, pakuti phindu la ndolo silingathamange liwiro la chiwongoladzanja chawo.

Pali njira ina yogulitsira imene imaoneka yopepuka: kusiya katundu m'sitolo ya zokongoletsa kapena pamalo ogona alendo kuti adzakulipireni akagulidwa. Njirayi imakupulumutsani ku lendi ndi kuima tsiku lonse, koma imafuna pepala. Lembani chiwerengero cha katundu, mtengo wa chilichonse, gawo la mwini sitolo, tsiku lolipira, ndi amene adzalipire katundu akasowa kapena akasuluka ndi dzuwa pawindo. Nonse awiri musayine, ndipo pepalalo mulijambule pa foni. Mwini sitolo wokana kusayina wakuuzani kale mmene adzachitire tsiku lolipira likadzafika.

Chenjeraninso ndi munthu amene amakubweretserani nsalu ndi zipangizo, n'kukuuzani mtundu wa mikanda yoti mupange, tsiku loti ithe, ndi ndalama imene adzakupatseni pa mkanda uliwonse, koma n'kumakutchulani kuti ndinu mwini bizinesi. Ngati iye ndiye akulamula kagwiridwe ka ntchito, zipangizo ndi zake, ndipo inu mukudalira iye yekha, gawo 200A la lamulo la Labour Relations Act limayamba ndi kukuonani ngati wantchito wake, ndipo zili kwa iye kutsimikiza kuti si choncho. Kulipidwa pa chidutswa sikuchotsa malipiro ochepetsetsa: mukagawa ndalamayo ndi maola amene mwagwira, isachepere mlingo wa boma. Bungwe la ILO linavomereza kale mu 1996, m'pangano nambala 177, kuti wogwirira ntchito kunyumba ndi wantchito ngati wina aliyense.

Ndilankhuleko za ntchito imene muli nayo kale, pakuti malondawa amayendera pa nthawi imene ntchitoyo yakusiyirani. Ku South Africa maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 45 popanda malipiro owonjezera, ndipo sabata iliyonse mumayenera kupuma maola 36 otsatizana. Kukhala pakhomo pa abwana sikutanthauza kuti maola onse a tsiku ndi awo. Mukaweruka, zimene mukuchita ndi singano yanu m'chipinda mwanu ndi zanu. Komabe musapatse munthu pogwira. Musasoke nthawi ya ntchito. Ndipo abwana akakupatsani zovala zakale, makatani kapena nsalu za patebulo, apempheni akulembereni kauthenga pa WhatsApp kuti akupatsani. Ngakhale chovala mwachipeza m'bini, funsani musanatenge. Ubale ukadzasokonekera, chimene chinali mphatso chimatha kutchedwa kuba, ndipo kauthenga kaja ndiko kadzakuyankhireni ku CCMA. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okha okadandaula kumeneko.

Abwana ena amakondwera ndi luso lanu n'kudzipereka kukakugulitsirani kwa anzawo. Ndi chinthu chabwino, koma mtengo mutchule ndinu, ndipo katundu mumuwerengere pamodzi. Musalolenso kuti malonda anu akhale chifukwa chokanira kukukwezerani malipiro. Ndipo musafulumire kusiya ntchito chifukwa Disembala mmodzi wakuyenderani bwino. Ku Cape Town alendo amachuluka m'chilimwe, koma Juni akafika ndi mvula yake misika imazizira. Wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama za ulova za UIF, ngakhale anali kudulidwa mwezi ndi mwezi. Lolani kope lija lidutse chaka chathunthu, kenaka ndilo lidzakuuzeni zochita. Kwa inu a m'mafamu, amene ntchito yanu imatsata nyengo ya mphesa kapena ya malalanje, miyezi yopanda ntchito ndiyo yopangira katundu, koma mugule zipangizo malipiro akadalipo.

Tsopano za mapepala, ndipo pano ndilankhula mosabisa. Ufulu wa wantchito ndi chilolezo chochita malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, bwalo la milandu ya apantchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Chigamulo chimenechi chimakutetezani kwa abwana, koma sichikupatsani malo pamsika. Masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa pa chipata polowa m'dziko la South Africa ndi ocheza, salola ntchito kapena bizinesi. Kwa othawa kwawo ndi opempha malo othawirako, bwalo la apilo linagamula mu 2014, pa mlandu umene bungwe la Somali Association of South Africa linasumira akuluakulu a boma ku Limpopo, kuti ali ndi ufulu wopempha ziphaso za malonda. Aliyense awerenge bwino zimene zalembedwa pa chiphaso chake, ndipo pamene sipakumveka afunse ku mabungwe monga Lawyers for Human Rights kapena Scalabrini Centre ku Cape Town, amene amathandiza alendo pa nkhani zotere. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kusiyana kwa misika. Misika yambiri ya zaluso ili m'manja mwa anthu kapena makampani: mumalembera, mumatumiza zithunzi za katundu, mumalipira malo, ndipo ina imafuna zopangidwa ndi manja anu zokha. Kugulitsa m'mbali mwa msewu kapena pa bwalo la mzinda kumayendera malamulo a khonsolo, ndipo nthawi zambiri kumafuna chiphaso. Ngakhale kumeneko, akuluakulu a mzinda sali pamwamba pa lamulo. Mu Okutobala 2013 mzinda wa Johannesburg unathamangitsa mavenda zikwizikwi m'misewu, ndi a ziphaso omwe, koma pa 5 Disembala chaka chomwecho bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula kuti a ziphasowo abwerere m'malo awo. Mu 2015 bwalo lalikulu ku Durban linagamula mokomera bambo John Makwickana, amene apolisi a mzinda anawalanda nsapato zimene ankagulitsa. Katundu wanu akalandidwa, musalimbane nawo. Pemphani risiti yolembapo zonse zimene atenga, dzina la wolandayo ndi kumene akupita nazo. Musananyamuke m'mawa uliwonse wa msika, jambulani katundu wanu yense.

Pali chinthu china chimene ogula amafuna kuwonjezera pa ndolo: amafuna nkhani. Adzakufunsani kumene mumachokera ndi chifukwa chake munabwera. Auzeni za nsaluyo, kuti ichi ndi chitenje chimene kwathu timaberekera mwana, kuti chidutswa ichi chinatsala pa diresi la ukwati, kuti mkandawu unakutengerani maola atatu. Nkhani yotere imakweza mtengo wa katundu. Koma mavuto a m'banja mwanu, za mapepala anu ndi za abwana anu si malonda. Wogula chifukwa cha chisoni amagula kamodzi, pamene wogula chifukwa cha luso amabweranso ndi mnzake. Wofuna kukujambulani ayambe wapempha, ndipo kukana ndi ufulu wanu.

Thupi nalo lilowe m'kope. Munthu amene waima tsiku lonse akusita, kapena wawerama m'mizere ya mphesa kuyambira m'bandakucha, akakhalanso mpaka pakati pa usiku akusoka pa kuwala kwa kandulo, amalipira ndi maso, msana ndi zala. Dziikireni malire a maola. Sokerani pamalo owala, ndipo guluu wa fungo lamphamvu musamugwiritse ntchito m'chipinda chotseka mawindo. Ana angathe kuphunzira luso pambali panu, koma oda ikachuluka musaithetse ndi tulo tawo kapena sukulu yawo.

Pomaliza, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amayi asanu akaphatikiza ndalama amagula tizitsulo pa mtengo wopikula, amalipira tebulo limodzi, amatha kupeza kamakina kolandirira ndalama za pa khadi, ndipo koposa zonse amagwirizana mtengo kuti asamagwetsane okhaokha pamaso pa kasitomala. Mabungwe oti muwatsamire alipo: SADSAWU ndi Izwi Domestic Workers Alliance kwa a ntchito za m'nyumba, StreetNet International imene inakhazikitsidwa ku Durban mu 2002 kwa ogulitsa m'misewu ndi m'misika, ndipo kwa amene mudzabwerere ku Malawi kuli MUFIS, mgwirizano wa anthu a ntchito ndi malonda ang'onoang'ono.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata ino, mukatenga singano yang'anani nthawi, mukaiika pansi yang'ananinso, ndipo mulembe. Pakutha pa mwezi chotsani zonse zimene mwaononga pa zimene mwagulitsa, yotsalayo muigawe ndi maola anu. Nambala imene ituluke muiike pambali pa malipiro a ola limodzi a dziko limene mulimo. Ikakhala pamwamba, pitirizani ndipo muphunzitseko mnzanu. Ikakhala pansi, kwezani mtengo, gawanani tebulo, kapena sinthani msika, ndipo zonsezi zikakanika, tsiku lanu lopuma mulibwezere ku thupi lanu.